Ng'oma ya Ukwati wa Mwana Wanga

Anabwera Lachinayi masana, mwezi wa Julayi, chiperoni chitakuta phiri. Ndinali kudulira tiyi ku esiteti. Kapitawo anaima kumapeto kwa mzere n'kundikodola.

"Akukufunani ku ofesi. Mpeniwo siyani pomwepo."

Ku ofesi ndinapeza apolisi awiri ndi galimoto. Ng'oma yanga inali kale kumbuyo kwa galimotoyo. Anali atadzera kunyumba.

Ine ndine woimba ng'oma za tchopa. Bambo anga ankaimba, ine ndinatengera. Mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, ankayenera kukwatiwa mu Seputembala chaka chimenecho. Ndinamuuza kuti pa ukwati wake sipadzalira sipika, ndidzaimba ndine. Ndinapeza chikopa chatsopano n'kuwamba ng'oma.

Loweruka, patatsala masiku ochepa kuti apolisiwo abwere, ndinaitulutsa m'mawa kuti ndiiyese. Ndinaitenthetsa pamoto wa mapesi, ndinamata phula, ndinayamba kumenya. Nthawi yomweyo pamsewu pankadutsa anthu a m'mudzi mwathu atasenza makasu. Ankapita kukagawana malo a esiteti amene akhala tchire zaka zambiri. Kwathu ku Chimaliro minda inatha kalekale. Za ulendo wawo ndinkazimva, koma sindinali nawo. Koma Mlomwe sadutsa pamene pakulira tchopa. Anakhotera pabwalo panga, anavina makasu ali m'mwamba, amayi akululutira. Atatuluka thukuta anapitiriza ulendo wawo. Wina anajambula pa foni. Kumalo kuja kunabuka ndewu ndi alonda.

Ku polisi anandionetsa kanemayo. Ndinadziona nditaweramira ng'oma, ndikuseka.

"Uyu si iwe?"

"Ndine."

"Anzako umawaitanira kunkhondo ndi ng'oma. Wakutuma ndani?"

"Ndimayesa chikopa, bwana. Mwana akukwatiwa."

Wamkulu wawo anaseka. "Kwanu kuukwati mumapita ndi makasu?"

Ankafuna mayina a atsogoleri. Ndinati onse akuonekawo ndi anansi anga, wotsogolera sindikumudziwa. Anandiuza kuti ndiike manja pathebulo. Anandifunsa mpaka dzuwa kupendeka. Zala ziwiri za kudzanja lamanja sizipindika mpaka lero.

Ananditumiza kundende ya m'tauni kukadikira mlandu. Nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, anandipatsa malo pafupi ndi ndowa. Tinkagona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake. Za kumeneko sindinena zambiri. Chimene ndinkachisowa ndi fungo la tiyi wa ku fakitale mphepo ikatembenuka. Kwathu maso amathera pa phiri la Mulanje. Kumeneko ankathera pakhoma.

Kukhoti ankatitenga n'kutibweza. Mlandu ankangousunthira m'tsogolo. Msilikali wa pachipata ankati, "Wabweranso wa ng'oma? Usadandaule mdala, kuno lendi kulibe."

Mkazi wanga anabwera mu Ogasiti ndi chinangwa chophika.

"A kuchimuna akuti adikira. Tasunthira ku Novembala."

"Chabwino. Phula lija musataye."

Anabweranso mu Okutobala, kunja kukutentha. Anayang'ana dzanja langa.

"Ankhoswe akuti mvula yayandikira. Mnyamata akufuna amange nyumba pakhomo pathu, alime."

Kwathu mwamuna ndiye amalowa kwa mkazi. Mkamwini akaphonya dzinja, banja latsopano limadya za eni chaka chonse.

"Mwana akuti chiyani?"

"Akuti popanda inu iyayi."

Ndinayang'ana zala zanga.

"Kamuuzeni akwatiwe. Ndalamula ine."

"Nanga ng'oma?"

"Mubwereke sipika."

Anapukuta kumaso ndi chitenje. "Inu bambo, mutu wanuwo ndi womwewo mpaka m'ndende."

Msilikali anagogoda waya ndi ndodo. "Mayi, nthawi yatha. Mukalirire pa depoti."

Ukwati unali Loweruka loyamba la Novembala. Masana tinali panja. Anzanga anaunjikana pafupi ndi asilikali kumvera mpira pa wailesi. Ine ndinakhala patali. Ndinkayang'ana dzuwa n'kumati, pano atuluka m'tchalitchi, pano afika pabwalo, pano perekaniperekani wayamba. Pafupi panali chigubu chopanda madzi. Ndinachipana ndi mawondo n'kuyamba kugogoda. Dzanja lamanja linkachedwa.

Msilikali wina anabwera ndodo ili m'manja. Ndinaleka.

"Tchopa ameneyo? Mayi anga ndi Alomwe a ku Changata." Anayang'ana uku ndi uku. "Imbani chapansipansi. Koma mukuphonya, madala."

Ndinkaphonyadi. Ndinaimba mpaka anatilowetsa.

Ananditulutsa mu Febuluwale, mvula ikugwa. Nyapala ndiye anakuwa: "Wa ng'oma, tenga zako, boma lakusiya." Akuti umboni panalibe. Ndinafunsa za ng'oma yanga. Anati ikadali m'manja mwa boma. Wopepesa panalibe, inenso sindinamudikire.

Ndinakwera minibasi mpaka pa boma la Thyolo, kenako wapansi kudutsa m'tiyi. Tiyi anali atabiriwira mpaka kumapiri, anthu madengu kumsana, manja ali pa liwiro. Palibe amene anadzutsa mutu. Nyengo imeneyo tsamba silidikira munthu. Ndinaima pang'ono, ndinathyola nsonga imodzi ndi dzanja lamanzere n'kununkhiza.

Pakhomo panga ndinapeza nyumba yatsopano ya njerwa zosawotcha, pamene panali khola la mbuzi. Pakhonde pake mnyamata ankasema mpini. Mkamwini wanga. Anali atandionapo kamodzi kokha, ndili ndi thupi komanso ndevu. Anaimirira mwaulemu.

"Takulandirani, bambo. Mukufuna ndani?"

"Madzi akumwa."

Anaitana mkazi wake. Mwana wanga anatuluka ndi kapu, anagwada asanandione nkhope. Atadzutsa maso, madzi anamutayikira pachitenje. Ndinamwa otsalawo.

Pano ndine mlonda wa pa chigayo. Kudulira tiyi kumafuna zala zonse. Anthu amandifunsa kuti ufulu umakoma bwanji. Chitseko anatsegula, n'zoona. Ndimayenda kumene ndafuna, ndimagona nditawongola miyendo. Koma Loweruka lija sanandibwezere. Akuti unali ukwati wabwino, anthu anavina mpaka fumbi kobo. Ndimavomera ndi mutu. Sindinafunsepo kuti sipikayo anaiika pati.