Dzinja limene ndinabisa mbalame

Mpaka lero ndikamva chinthu cholemera chikugwera m'madzi odekha, khosi langa limatembenuka lokha. Kwathu, kumwera pang'ono kwa Chipoka, kuli kamtsinje kamene kamathira m'nyanja pakati pa mabango, ndipo pamathiriro pake panali mtengo wouma umene unaimirira m'madzi ofika m'chiuno. M'mawa pamalopo pankanunkha matope, utsi wa nsomba zowamba, ndi usipa wa pathandala umene mvula yaunyowetsa usanaume. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 5, pamene ndinathera dzinja lathunthu ndikubisa mbalame yokhala pamtengo umenewo. Inde, kubisa mbalame. Sekani ngati mukufuna.

Anandionetsa mbalameyo ndi ababa. Anthu ambiri sankaisiyanitsa ndi mwana wa nkhwazi, koma ababa anali msodzi wamaso. Iwo ankaitcha nkhwazi ya mvula, chifukwa inkafika ndi mvula yoyamba n'kusowa chimanga chikayamba kuuma m'minda. Inali yoyera kumimba, yodera kumsana, ndi mzere wakuda wodutsa m'diso ngati mkazi wopaka wanja wakuda m'zikope. Nkhwazi yathu imangotola nsomba pamwamba pa madzi osanyowetsa nthenga, kenako n'kulira kuti dziko lonse limve. Iyi inkaima mlengalenga ikukupiza mapiko, mutu utaweramira pansi, kenako inkagwa miyendo ili patsogolo n'kumira yonse. Ikatuluka inkadzikutumula m'mwamba momwemo ngati galu wonyowa, n'kutembenuza nsomba kuti mutu uloze kumene ikupita. Sinkalira n'komwe.

Ababa ananyamuka kupita ku Joni kumapeto kwa Malichi. M'mawa wa tsikulo anakokera bwato lawo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, n'kulivundikira, nkhafi n'kuiika m'kati. Amayi anawafunsa kuti adzabwera liti. Iwo analoza ndi chibwano kumtengo wouma kuja.

"Ija inyamuka masiku omwewa. Ikadzabwera, nane mudzandiona pakhomo pano, Insha Allah."

Miyezi yoyambirira ankaimba pa foni ya aneba Lachisanu lililonse akatuluka mumzikiti. Anatumiza bulangete ndi nsapato zanga, zimene zinali zazikulu. Nyengo yozizira itafika nambala yawo inasiya kupezeka. Kenako anthu obwera kuchokera kumeneko anayamba kupereka moni mothamanga, osayang'ana amayi kumaso.

Mu Okotobala, mchenga ukuotcha mapazi, anabwera amalume a Twaibu, mlongo wa amayi, amene ankagulitsa matumba a mpunga ku Khombedza. Anakhala pamkeka pakhonde, ine ndili kuseri kwa chitseko ndikunamizira kusoka ukonde.

"Achemwali, munthu uja ali ndi nyumba ina kumeneko, aliyense akudziwa. Tiyeni tikaonane ndi ankhoswe ake, banjali lithe mwadongosolo. Abale ake adzatenge bwato lawoli, inu mupume."

"Ananena kuti adzabwera ndi nkhwazi ya mvula, achimwene," amayi anayankha. "Sinafike. Ikafika iwo asanaoneke, mukapite kwa ankhoswe."

Amalume anaseka mpaka chisoti chinapendekeka. "Ndiye banja lanu likuyendera mbalame? Chabwino. Nanga amaidziwa ndani mbalame imeneyo? Ine ndimadziwa nkhuku basi."

"Rashidi amaidziwa."

"Basi, ndidzamvera kwa Rashidi."

Rashidi ndi ine. Umu ndi mmene banja la makolo anga linagwera m'manja mwa mwana amene sankatha ngakhale masamu ogawa.

Inafika sabata yachiwiri ya Novembala, patangopita masiku awiri mvula yoyamba itagwa. Ndinali panjira ya kusukulu pamene ndinamva phuvu! kuseri kwa mabango. Ndinalowa m'madzi ndi yunifolomu yomwe, ndipo ndinaiona ikutuluka ndi kachambo, yowonda, nthenga za kumchira zitanyenyeka. Ndinathamangira kumsewu. Ndinaima pasiteji mpaka dzuwa linafika pamutu, ndikuyang'ana aliyense wotsika minibasi. Anatsika mayi wa mtanga wa tomato, ndi mwamuna wina wa njinga yopanda tayala. Pobwerera ndinamvetsa zimene zinachitika: mbalame yasunga tsiku, ababa sanasunge. Ndipo ndikangotsegula pakamwa, bwato lija lichoka pansi pa mango.

Lachisanu amalume anadzera kwathu. "Mphwanga, yafika mbalame ya bambo ako?"

"Ayi, amalume. Sinafike."

Bodza limafuna ntchito. Kuti amayi asaione mbalameyo, ndinayenera kudziwa kumene ili nthawi iliyonse. Ndinatembenuza kope la masamu n'kuyamba kulemba kuchokera kumapeto. Wotchi ndinalibe, choncho nthawi ndinkaiyeza ndi azana yoitanira anthu kumzikiti ndi belu la kusukulu. Pasanathe milungu itatu ndinali nditaidziwa kuposa mmene ndinkadziwira mng'ono wanga. Inkayamba kusaka dzuwa likangotuluka, mphepo isanadzutse madzi. Inkakonda madzi osaya a pamathiriro, pamene chambo ndi makumba zimasambira pafupi ndi pamwamba. Nthawi zambiri inkagwa katatu kapena kanayi isanagwire kanthu. Ikagwira inkapita pa nthambi ya kummawa ya mtengo uja, n'kuyamba kudya mutu, pang'onopang'ono, ikuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wodya m'nyumba ya eni ake. Mvula ikagwa yambiri kumtunda, kamtsinje kankalavula madzi ofiira, ndipo mbalameyo inkasamukira m'kati mwa nyanja, pamzere pamene matope athera. Masiku a mphepo ya mpoto inkangokhala pamtengo nthenga zitafufuma, osadya tsiku lonse.

Nkhwazi ziwiri za pamgwalangwa wapafupi zinkaizunza. Zinkaidikira kuti inyowe, ivutike, itulutse nsomba, kenako zinkaitsikira kuchokera kumwamba mpaka itataya. Imodzi inkawakha nsombayo isanagwere m'madzi. Mbalame yanga sinkamenyana nazo. Inkazungulira patali, n'kuyambiranso. Ndinkatukwana nkhwazizo ndi mawu amene ndinaphunzira kwa asodzi a usipa.

Vuto linali lakuti nthawi imene inkasaka ndi yomwenso amayi ankapita pamathiriro kukachapa ndi kutunga madzi. Ndiye ndinapeka ng'ona. Ndinati ndaiona ndi maso anga itagona m'mabango, yaitali ngati bwato. Asodzi anaseka, koma amayi a m'mudzi sanafune kuyesa. Onse anasamukira kugombe la kumpoto, kutali, kudutsa minda ya mpunga, m'njira yoterera ya matope. Amayi anga ankayenda ulendo umenewo kawiri pa tsiku, ndowa pamutu, mng'ono wanga kumbuyo. Pobwera zidendene zawo zinkakhala zitang'ambika. Ndinkaona, koma ndinkayang'ana kumbali.

Kusukulu ndinkafika belu litalira kale, kabudula atanyowa. Masiku ena sindinkafika n'komwe. Aphunzitsi atapeza kope lija anawerenga mokweza kalasi yonse ikumva: "Yagwa kanayi, yagwira kamodzi, nkhwazi zalanda." Kalasi inafa n'kuseka. Anandikwapula zikoti zitatu n'kunena kuti mbalame sidzandilembera mayeso. Pamenepo sananame.

Mu Januwale kunabwera galimoto ndi azungu awiri pamodzi ndi bambo wina wolondolera alendo wa kumalo osungirako nyama zakutchire otchedwa Kuti. Anaima pamathiriro penipeni n'kumaloza mtengo uja ndi zala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinkafuna kuwagenda. Ndinayandikira kuti ndione ngati pali wa m'mudzi amene akutchera khutu. Bamboyo ataona kope m'manja mwanga analipempha, n'kuliwerenga tsamba ndi tsamba osaseka. Anandipatsa magalasi ake oonera patali, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona diso la mbalameyo, lachikasu, lopanda chisoni. Anandiuza dzina lake lachizungu, limene ine ndinalimva ngati osipule. Anati imachokera kutali ku Ulaya, imadutsa nyanja ndi chipululu, ikuthawa chisanu, ndipo nthawi zambiri imabwerera pamalo omwewo chaka ndi chaka.

"Nanga chisa chake chili kuti, abwana? Ndasaka mabango onse."

"Sungachipeze kuno, mnyamata. Chisa chili komweko, mnzake ali komweko, ana imaswera komweko. Kuno imangobwera kudzadya."

"Ndiye kwawo ndi kuti?"

"Kumene ili ndi ana, kumene," anatero akuika magalasi m'thumba.

Iye ankanena za mbalame. Ine ndinakumbukira mawu a amalume a nyumba ina. Tsiku limenelo ndinaida mbalameyo. Ndinaganiza kuti ikachoka bodza langa lisanduka zoona, ababa sakhalanso ochedwa, ndipo amayi abwerera pamathiriro.

M'mawa mwake ndinatenga legeni ndi miyala yosalala isanu. Ndinkadziwa nthambi yake, ndinkadziwa nthawi yake, ndinkadziwanso kuti ikamadya mutu wa nsomba imaweramira nthawi yaitali. Ndinakwawa m'mabango madzi ali m'khosi, misundu ikundimata m'miyendo. Mwala woyamba unaipeza paphiko. Ndinamva kuti pha! Nsomba inagwera m'madzi, nthenga imodzi inatsalira m'mwamba, mbalameyo n'kuuluka mopendama, pansipansi, kulowera kumwera mpaka inasowa.

Ndinasangalala mpaka pamene ndinafika kunyumba n'kuona bwato lija. Pamenepo mutu unayamba kugwira ntchito, mochedwa monga mwa nthawi zonse. Ababa anati adzabwera mbalame ikadzabwera. Nanga ikafa, adzabwera ndi chiyani? Masiku atatu mtengo unali wopanda kanthu. Sindinkadya. Amayi anandigwira pamphumi n'kunena kuti mwina ndi malungo. Ku madrasa ndinkalakwitsa mizere imene ndinkaidziwa pamtima. Ndinayenda gombe lonse mpaka pafupi ndi doko la Chipoka, ndikufunafuna nthenga zoyera m'zinyalala zimene mafunde ataya.

Tsiku lachinayi ndinaipeza pa nthambi yake ya kummawa, phiko limodzi litatsika pang'ono. Inagwa m'madzi kasanu ndi kawiri isanagwire kanthu. Ndinawerenga ulendo uliwonse ndikulira ngati khanda. Legeni ndinaiponya m'nyanja. M'kope ndinangolemba kuti, "Yabwera."

Pofika Malichi phiko linali litachira ndipo mbalameyo inanenepa. Inkadya kawiri, nthawi zina katatu pa tsiku, ngati munthu wokonzekera ulendo. Amalume anali atatopa kufunsa. Ankangondiyang'ana n'kukweza nsidze, ine n'kupukusa mutu. Kumayambiriro kwa Epulo, Lachiwiri lina, sinasake n'komwe. Inakwera m'mwamba mozungulira mpaka inakhala kadontho, n'kulunjika kumpoto. Ndinaganiza kuti ndapambana. Palibe amene waiona, ndiye kuti sinabwere, ndiye kuti ababa ali ndi chaka china.

Patapita masiku awiri amayi anali kutsuka mbale ndi phulusa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bwato. Analankhula osadzutsa mutu.

"Yanyamuka Lachiwiri, eti?"

"Chiyani, amayi?"

"Mbalame yako. Inafika tsiku lija unabwera yunifolomu itanyowa. Ndinaiona ndisanatunge n'komwe madzi. Ukuganiza kuti bambo ako anaonetsa iwe wekha?" Anatsukuluza mbale n'kuiika pathandala. "Nanga ng'ona ija, nayonso yapita ku Ulaya?"

Ndinasowa poyang'ana. Kenako ndinafunsa chifukwa chake sanawauze amalume.

"Amalume ako anati adzamvera kwa iwe. Ndimadikira kuti utope wekha." Anapukuta manja pa chitenje n'kundiyang'ana. "Watopa?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Lachisanu lotsatira amalume asanakhale n'komwe pamkeka ndinawauza kuti, "Inabwera, amalume. Yapitanso." Sanaseke. Anavula chisoti n'kuchiyang'ana m'kati kwa kanthawi. Sabata yachitatu abale a ababa anabwera anayi n'kunyamula bwato. Pansi pa mango panatsala malo a udzu wotuwa, aatali, osongoka uku ndi uku, ndipo mpaka mvula ina itagwa ndinkawalambalala poyenda.

Sitandade 5 ndinabwereza. Sukulu ndinadzaisiyira mu Fomu 1, ndipo lero ndimaitanira anthu minibasi ku Khombedza. Ababa sanabwere. Ndinamva kuti ali ndi ana awiri kumeneko, ndipo sindifuna kudziwa mayina awo. Mtengo wouma uja unagwa kalekale, koma Novembala aliyense ndimapita pamathiriro, ndipo ndimapezako nkhwazi ya mvula ikusaka. Kaya ndi yomwe ija, kaya ndi ina, sindikudziwa.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ndine ndekha amene ndikusungira ababa malo, ndi kope ndi bodza langa. Sindinkawerengera maulendo a amayi m'minda ya mpunga, kawiri pa tsiku kwa miyezi isanu, akuthawa ng'ona imene ankadziwa kuti kulibe. Iwo za ababa anali atathana nazo tsiku lomwe mbalame inafika. Amene ankamudikira ndi ndowa pamutu ndinali ine.