Tsiku Limene Chitsulo Anagwada

Kudepoti ya simenti ankamutchula kuti Chitsulo. Kwa zaka makumi awiri ankanyamula matumba chowerama, miyendo itawongoka ngati mitengo. Anzake akamuuza kuti aziyamba wanjuta, thumba lili pafupi ndi chifuwa, iye ankaseka.

"Kunjuta n'kwa kuchimbudzi," ankatero.

M'mawa msana unkauma gwa, dzanzi linkatsika mwendo wakumanzere, koma iye ankangomanga lamba n'kumapita.

Loweruka lina mwana wake wamkazi anati, "Bambo, tandivuulirani mwanayo m'beseni, ndikatenge thaulo."

Chitsulo anawerama monga mwa masiku onse. Atangonyamula mdzukulu wakeyo, m'chiuno munabaya ngati mpeni. Kuweramuka kunakanika. Khandalo, lili sopo yekhayekha, linayamba kupulumuka m'manja mwake, pansi pali simenti. Anafuna kukuwa, mpweya unamuthera.

Anapinda mawondo pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu, mpaka anagwada, khanda atalipanikiza pachifuwa. Mwana wake anamupeza choncho.

"Bambo, mwatani?"

"Landira mwana. Mawa undiperekeze kuchipatala," anatero. "Matumba onse aja sanandigwaditse. Wandigwaditsa ndi uyu."