Chinangwa cha M'desiki

Ndikukumbukira tsiku limene mayina anapachikidwa pakhomo la ofesi ya aphunzitsi aakulu, titangoyamba Fomu 2. Sukulu yathu inali yoyendera ndipo ana tinachuluka kuposa makalasi, choncho anatigawa pawiri: ena kulowa m'mawa, ena masana. Dzina langa linali kwa a m'mawa. La Filomena, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, linali kwa a masana.

Kunena zoona, ine sukulu sindinkaikonda. Ndinkakonda Filomena, sukuluyo inkangopezeka pomwepo. Chaka chonse cha Fomu 1 tinkatsetsereka limodzi kuchokera ku Soche, iye akutsanzira kayendedwe ka aphunzitsi a masamu, ine ndikuseka mpaka nthiti kuwawa. Atandichotsera iyeyo, kalasi inangokhala chipinda chonunkha choko ndi thukuta. Pa buleki ndinkaima ndekha pakhoma ngati wodikira minibasi.

Posakhalitsa ndinayamba kujomba. Ndinkatuluka m'nyumba nditavala yunifomu bwinobwino, n'kukazungulira mu Limbe kuyang'ana nsapato za kaunjika zomwe sindikanagula, masana n'kubwerera ndi nkhope ya munthu wotopa ndi maphunziro. Mayi ankalawirira kuntchito kufakitale ina ku Makata, motero sanadziwe kanthu. Koma lamulo linalipo: wojomba masabata awiri ankafufutidwa m'kaundula, malo ake n'kupatsa wina. Ine ndinali nditatsala ndi masiku awiri.

Lachinayi masana ndikubwerera kunyumba, ndinakumana ndi Filomena akupita kusukulu. Ananditsekera njira n'kutambasula kapepala ka nyuzi. Munali chinangwa chokazinga, chitauma gwa, nkhungu itayamba. Ngakhale makoswe anali atachikana.

"Ichi ndinakusiyira m'desiki Lolemba," anatero. "Ndinachita kulimbirana ndi anyamata kuti masana ndizikhala pa desiki yakoyo. Tsiku lililonse ndikumachipeza momwemo. Ukumapita kuti iwe?"

"Kumandibowa ndekha," ndinayankha nditazolika.

"Nde ine ndikumapita ndi ndani? Usandipusitse, Mphatso. Lero ndisiyanso china. Chikangogonamo kawiri, ndikukawauza masteni ako."

Ndinachita manyazi, koma chimwemwe chinaposa manyaziwo. Ndinkaganiza kuti anapeza anzake ena n'kundiiwala.

M'mawa mwake ndinafika belu lisanalire. Chinangwa chinalimo, chozizira, mchere ndi tsabola zitanyowetsa pepala. Papepalapo analembapo kuti aphunzitsi a masamu agwa ndi mpando dzulo, a m'mawa mwaphonya. Ndinaseka ndekha mpaka otsogolo anatembenuka. Poweruka ndinasiyamo mango awiri ndi nkhani za m'mawa.

Chaka chonse tinaphunzira choncho, kuonana pageti pokha, zina zonse desiki ikutipatsira. Nthawi zina ankasiyamo samu yomuvuta, ine n'kumvetsera m'kalasi kuti ndisachite manyazi pomuyankha. Mayeso ndinakhoza, mokwawa ndithu, koma ndinakhoza.

Masiku ano ana ali ndi mafoni, amacheza ndi anzawo ngakhale ali kubafa, moti ndinkayesa kuti kusungulumwa kwa kusukulu kunatha kale. Mwezi watha mwana wanga wa Fomu 1 anadwala mutu masiku atatu otsatizana, m'mawa mokhamokha. Bambo ake anati tipite naye kuchipatala. Ine ndinangokhala pamphepete pa bedi lake n'kumufunsa kuti, "Wachoka ndani m'kalasi mwanu?"

Anafunda bulangete kumutu n'kuyamba kulira.