Amayi anangogwira galasi

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa ndi simenti. Amayi a mvano anali atayimba usiku wonse mpaka mawu kusasa. Panja chifunga chinali chitakwirira minda ya tiyi, moto wa pamafuwa ukungofuka chifukwa nkhuni zinanyowa ndi chiperoni. Adzukulu anadutsa ndi makasu kulowera kumanda.

Tinkaika achimwene anga tsiku limenelo. Dziko linawadziwa katatu: ali goloboyi, kenako akuulutsa mpira pa wailesi, pomaliza ali phungu wa Nyumba ya Malamulo. Amayi athu, omwe anathyola tiyi mpaka maso kuchita khungu, ankawadziwira chinthu chimodzi. Achimwene akabwera kumudzi, amayi ankawagwira dzanja lamanja n'kupapasa chala chaching'ono chomwe chinathyoka pagolo n'kupola chokhota. Akachipeza m'pamene ankavomera kuti mwana wawo wafika.

M'mawawo anandipempha chinthu chimodzi basi. "Undiperekeze ndikamgwire dzanja. Zoti wafa ndangomva ndi makutu."

Dzuwa silinatuluke. Magalimoto anadzaza msewu wa esiteti mpaka kufakitale. Achipani, nsalu zawo zofanana, analanda mipando yonse ya mutenti, anzawo a achimwene a mpira, madoda a mimba tsopano, n'kuima kumbuyo pamvula yowaza. Thupi linafika m'mawa womwewo kuchokera ku Blantyre, m'bokosi logula achipani, lonyezimira ngati galimoto yatsopano. Pankhope panali galasi lomata.

Kuona nkhope kunayamba ndi akuluakulu. Ife abale anatiitana kumapeto, ngati alendo pamaliro athu omwe. Ndinawagwira mkono amayi mpaka pabokosi. Anatambasula dzanja n'kugunda galasi. Anapapasa uku ndi uku kufuna potsegulira, osapapeza.

Ndinagwada pamaso pa mkulu woyendetsa mwambo, ine amene sindigwadira munthu chisawawa. "Bwana, tsegulani pang'ono chabe, amayiwa saona." Iye anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana kumwamba. "Mayi, nthawi yatha. Akuluakuluwa akubwerera kutali." Mtima unandiwira, ndikanakuwa ndithu. Amalume ananditsina kuti ndisachititse mtundu manyazi, ine n'kutseka pakamwa. Kutseka pakamwa kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Nthawi inathayo inapezekanso ya zolankhula. Aliyense wa tayi analankhula, ena kawiri, za mipira yomwe achimwene anagwira, za mawu awo pa wailesi, za mavoti. Kenako tinatsetserekera kumanda m'kanjira ka pakati pa tiyi, kwaya patsogolo, matope akuvula anthu nsapato. Amayi anaika nkhata yawo pomwe ndinawaikira dzanja. Msozi sanagwetse.

Madzulo tenti anali ataphwasula, magalimoto atapita. M'nyumba munangoti zii, kumangomveka madzi akudontha padenga. Amayi anakhala pamphasa, nkhope atalozetsa kukhomo.

"Iwe unamuona?" anandifunsa.

"Ndinawaona, amayi."

"Chala?"

Manja anali obisika pansi pa chivindikiro. Ine ndinangoona nkhope yopakapaka paudala, yotupa, yoti nanenso ndinachita kuyang'ana kawiri. Ndinachedwa kuyankha, ndipo amayi anamva kuchedwako.

Nditanyamuka kuti ndikakhome chitseko, anandiletsa.

"Chisiye. Amafika mochedwa ameneyo, asadzaime pamvula."

Ndinachisiya chosakhoma. Mpaka lero sitikhoma.