Miyala ya m'thumba la mlongo wanga

Bukulo linali la chikuto chobiriwira, chong'ambika pangodya, ndipo linkanunkha ngati kabati yonyowa. Aphunzitsi athu ku Tottenham ankatiwerengera Lachisanu masana, titakhala pa kapeti yoyabwa miyendo. Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Inali nyengo yozizira, bambo atatha chaka m'manda. Iwo anathawa kwawo chifukwa cha ndale, n'kufera kuno osabwererako.

Nthanoyo inali ya ku Jeremani. Ana awiri anasiyidwa m'nkhalango ndi mayi wowapeza chakudya chitatha m'nyumba, koma wamwamunayo anali atagwetsa timiyala toyera m'njira kuti adzaone pobwerera. Tonse tinaipidwa ndi mayi wowapeza uja. Koma aphunzitsiwo anali munthu wosadziwa kusiyira nkhani pomwe yathera. Anatiuza kuti nthanoyo isanalembedwe inkangoyenda pakamwa, ndipo mwina inachokera m'zaka za njala yoopsa, pamene makolo ena ankasiyadi ana kutchire. Anatinso poyamba wotaya anawo anali mayi wowabereka, olemba anachita kusintha pambuyo pake ataona kuti n'zowawa kwambiri. Ndikanakumana nawo lero ndikanawafunsa ngati zimenezo zinali zouza ana.

Sabata yomweyo kunafika malume kuchokera ku Malawi, poti ndale zinali zitasintha ndipo anthu ankayenda momasuka. Anavala jekete la malemu bambo, n'kumangodandaula kuzizira. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, ndikutsuka mbale, ndinawamva pabalaza akunena kuti ana a mlongo wawo ndi mbumba yawo, mwini wake ndi iwo, ndipo atenga wamng'onoyo, wamkulu ayambe wamaliza sukulu. Wamng'onoyo anali mlongo wanga wa zaka zinayi, amene sankagona asanagwire khutu langa. Ndinadikira kuti mayi akane. Ndinadikira mpaka madzi a m'sinki anazizira.

"Chabwino, achimwene," anatero mayi.

Ine makani ndinabadwa nawo. Ndinakatola timiyala toyera pakhomo la mzungu wina woyandikana nafe, n'kudzaza m'thumba la chikhotho cha mlongo wanga. Masiku atatu ndinamuphunzitsa kugwetsa kamodzikamodzi, kuchokera kukhitchini mpaka kuchipinda, iye n'kumaseka poyesa masewera. Uchitsiru wakewo! Ngati kuti ndege imayenda pansi.

Tsiku la ulendo anagwetsa kamodzi pa siteshoni, kawiri m'sitima yapansi, kenako anaiwala. Kubwalo la ndege malume anamva kulemera kwa thumbalo, anakhuthulira yonse m'bini uku akuseka.

"Kwathu miyala iliko yambiri, mwana iwe."

Mlongo wanga sanalire. Anali atagwira bisiketi, akuyang'ana magetsi, ndipo sanacheuke n'komwe.

Pobwerera tinakhala awiri m'sitima, ine ndi mayi, pakati pathu pali chipewa chake chimene anaiwala. Ndinalankhula m'Chingelezi, mokweza, kuti anthu onse amve. Ndinati aphunzitsi anatiuza kuti wotaya ana uja anali mayi wawo weniweni. Mayi sanandimenye, sanandikalipirenso. Anayang'ana galasi lakuda la zenera la sitimayo.

"Aphunzitsi ako sananame," anatero.

Kuyambira tsikulo ndinasiya kuwalankhula. Akandiitana ndinkangobwera n'kuima. Akandifunsa za kusukulu ndinkagwedeza mutu, zikavuta ndinkaponya liwu limodzi la Chingelezi ngati kalaliki wotopa. Lachiwiri lililonse ankakwera basi ya ku Edmonton, amati apeza ganyu yokolopa kuchipatala. Ankabwerako milomo itauma, duku atamanga mpaka m'maso, n'kugona pa sofa osadya. Ndinkawamva akusanza kubafa, ine mumtima n'kumati chikumbumtima chikuwadya. Ndinkakondwa. Ndikulemba izi manyazi andigwira, koma ndinkakondwa ndithu.

Anamwalira mitengo ya mumsewu mwathu isanaphukire masamba. Ine ananditenga amayi ena a kutchalitchi. Mlongo wanga anakulira kumudzi, ndipo lero tikamalankhula pafoni amandipatsa ulemu wa mlendo. Nkhope ya mayi saikumbuka.

Malume anadzandiuza nditakula kale, iwo ali okalamba. Sanabwere mwa kufuna kwawo ayi, mayi ndiwo anawalembera kalata madokotala atawauza kuti matenda awo sachira. Ankaopa kuti akadzatsikira kuli chete, aboma adzapereka kamwanako kwa anthu osadziwa ngakhale dzina la mudzi wake. Malume ankafuna kutitenga tonse awiri, ndipo za sukulu zija anangopeka kuti ndisadabwe. Mayi anachita kuwagwadira kuti awasiyire mmodzi miyezi yotsalayo, chifukwa ankaopa kufera m'nyumba yopanda mawu a mwana wawo.

Izi mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sakanazidziwa. Anandisunga kuti azimva mawu anga, ndipo ine ndinawamana mpaka tsiku lomaliza.