Tsiku limene ndinatchula dzina la bambo anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha korona. Poyamba tinkasangalala, ife ana opanda nzeru, tikumati holide yabwera yokha osaiitana. Chisangalalocho chinatha mwezi wa Juni, tsiku limene bambo anga anatsika basi kuchokera ku Joni ali ndi kachikwama kamodzi kokha. Anali atakhalako zaka zinayi akumanga nyumba za anthu, ndipo ntchito itaima anagulitsa zonse kuti apeze ya basi. A zaumoyo anawauza kuti akhale m'nyumba masabata awiri osakumana ndi munthu.

Kwathu ku Mulanje, Juni si mwezi wocheza nawo. Chiperoni chikatsika m'phiri, kamvula kake kosalekeza kamalowa mpaka m'mafupa, ndipo dzuwa limatha masiku osaoneka. Mayi anga, chifukwa cha mantha, anachita zoposa zimene anauzidwa. Anawaika bambo m'kachipinda kosungiramo chimanga, pawindo anakhomapo makatoni, m'ming'alu ya chitseko anatsekamo masanza, ati matenda asatuluke ndipo mphepo isalowe. Chakudya tinkachikankhira mkati ndi nsungwi. Anandiletsanso kulankhula nawo, poganiza kuti matendawo amayenda ndi mawu. Sindikuwaseka mayi anga. Nthawi imeneyo aliyense anali dokotala, ndipo madokotala onsewo ankanjenjemera.

Pamudzipo bambo anali mkamwini, ndipo achibale a mayi sanawanyengerere. Ankalankhula mokweza kuti munthu wakhala ku Joni zaka zinayi n'kubwerako ndi imfa m'chikwama. Ndikafika pamjigo, amayi ankachotsa ndowa zawo n'kuima patali, ndipo ndikangochoka ankatsuka chogwirira ndi phulusa. Nthochi zimene mayi ankapita nazo kumsika wa ku Chonde zinkabwerera momwe zapitira. Zonsezi bambo ankazimva, chifukwa katoni imatchinga kuwala koma sitchinga miseche.

Masabata awiri anakwana bambo asanatsokomole ngakhale kamodzi. Mayi anatsegula chitseko n'kunena kuti, “Bambo a Esinati, tulukani, masiku atha.”

“Tsekani, kukuzizira,” anayankha choncho ali m'bulangete, atayang'ana kukhoma.

Sabata lachitatu linadutsa, lachinayi linayamba. Ankatuluka kamodzi kokha kukataya chidebe chodzithandiziramo anthu asanadzuke. Tsiku lonse ankangomvera wailesi, kudumpha kuchoka pa nkhani za maliro kupita pa nkhani zina za maliro. Mbale zinayamba kubwerera zili zodzaza. M'chipindamo munkatuluka fungo la chinyezi ndi la munthu wosasamba, ndipo ndiulule kuti masiku ena ndinkawakwiyira. Ndinawadikira zaka zinayi, ndiye abwere kudzandionetsa msana?

M'mawa wina mayi anandituma kukatenga botolo la mankhwala opopera tomato limene tinkasomeka kudenga la khitchini. Ndinapapasa paliponse, botololo panalibe. Mayi anafufuza okha, kenako anapita kukagogoda pachitseko chija.

“Bambo a Esinati, botolo lija mwaliona?”

“Ndisiyeni.”

Mayi anakhala pansi m'matope momwemo, manja ali kumutu. Palibe amene anandifotokozera, ndipo sipanafunike kufotokoza. Mwana wa kumudzi amadziwa chimene chimatsatira botolo lotere likasowa. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo miyendo inanyamuka yokha.

Ndinathamangira ku esiteti ya tiyi kumene ankagwira ntchito azakhali anga a Felesiya, mchemwali wawo wamkulu wa bambo, amene anawalera makolo awo atamwalira. Anali atathyola tiyi zaka zambiri kuposa zaka zanga, ndipo nyengo yozizira ankadulira. Ndinawapeza m'munda atavala thumba la pulasitiki pothawa kamvula. Anandimvera osaphethira, anauza mnzawo kuti akawanenere kwa kapitawo, basi tinanyamuka, mpeni wodulira tiyi uli m'manja.

Atafika sanapereke moni kwa munthu. Anang'amba makatoni aja ndi mpeniwo, anakankha windo, anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuitana ndi mawu amene kapitawo amaitanira mayina m'mawa.

“Gusito Muhiwa!”

Anaitananso. Ine ndinagwira chitenje cha mayi mpaka zala kuwawa. Ataitana kachitatu, mkatimo munatuluka timawu tosasa.

“Ndilipo, achemwali.”

“Ngati ulipo, bwera nalo botololo pawindo pano. Sindichoka.”

Tinadikira nthawi yaitali, kamvula kakutinyowetsa. Kenako panatulukira dzanja lowonda limene sindinalizindikire, litagwira botolo losatsegula. Ndinapumira m'mwamba, ndikuganiza kuti nkhani yatha. Azakhali anandiyang'ana n'kupukusa mutu.

“Latuluka ndi botolo, mwanawe. Munthu akadali mkati.” Kenako anatembenukira kwa mayi. “Alamu, mwamusunga mchimwene wanga ngati chimanga. Koma chimanga chomwecho timachiyanika padzuwa, apo ayi chimachita chuku.”

Mankhwala awo anali a ku esiteti. Kumeneko tsiku limayamba ndi kuitana mayina, kenako aliyense amapatsidwa ndime yake. Azakhali ankati munthu akaima n'kuyang'ana munda wonse wa tiyi amafooka asanayambe, n'chifukwa chake amangomuonetsa mzere wake wa tsikulo. Choncho m'mawa uliwonse, belu la ku ntchito lisanalire, ankazungulira njira yaitali kudzera kwathu, kuima pansi pa windo, kuitana dzina mpaka liyankhidwe, n'kusiya ndime.

Ndime ya tsiku loyamba inali kusamba kumaso ndi madzi ofunda. Ndinapsa mtima. Ine kuthamanga mtunda wonse uja, zidendene kung'ambika, kuti munthu adzangosukusula? Ndinkayembekezera mapemphero, kapena jekeseni, kapena kukalipa kwamphamvu. Koma madzi ndinatenthetsa, ndipo beseni linabwerera madzi atada. Tsiku lotsatira inali kapu ya phala, yomwera pawindo azakhali akuona. Mabatire a wailesi azakhali anandipatsa ine kuti ndizisunga, ati nkhani kamodzi patsiku zikwana, popeza akufa sawonjezereka kapena kuchepa chifukwa choti Gusito wamvera. Dzuwa likang'amba mtambo, ndime inali kuwotha msana pawindo mpaka litabisalanso. Tsiku lina anawapatsa lichero la nandolo kuti asende, tsiku lina nsapato yanga ya kusukulu kuti asoke. Ine ndime yanga inali kukhala pansi pa windolo masana n'kumawerenga manotsi anga mokweza. Tsiku lina ndinalakwitsa dala samu, ndipo mawu ochokera mkati anandikonza.

Sikuti zinkayenda tsiku lililonse. Panali masiku amene phala linkazizira pawindo, nandolo osakhudzidwa. Ine ndinkalira kuseri kwa khitchini, koma azakhali ankangoti, “Wayankha dzina. Lero ndime yake ndi imeneyo.” Chimene bambo anakanitsitsa chinali kutuluka pakhomo masana. Ankaopa maso a anthu kuposa mmene anthuwo ankaopera matenda.

Patatha masiku khumi ndi angapo, azakhali sanabwere. Mayi anali atalawirira ku Chonde, pakhomo ndinatsala ndekha. Bambo anali atatsegula okha windo, akudikira. M'malo mwa azakhali panafika mayi wina wogwira nawo ntchito, amene anaima kumsewu poopa kuyandikira nyumba yathu, n'kufuula uthenga kuti mudzi wonse umve: a Felesiya atentha thupi, akutsokomola, awauza kuti asatuluke m'nyumba.

Ndinamva windo likutsekedwa, kenako mpiringidzo wa chitseko. Ndinadziwa chimene bambo ankaganiza, kuti matenda aja analidi m'chikwama mwawo ndipo apha munthu amene anawalera.

Ndinathamanga ndi beseni la madzi ofunda. “Ababa, madzi.” Ndinagogoda, ndinamenya chitseko ndi zibakera, ndinachikankha ndi phewa. “Ababa! Ababa!” Mkatimo simunamveke ngakhale kutembenuka kwa munthu pamphasa. Ndinakumbukira kuti m'chipindamo munali zingwe zomangira matumba. Ndinayang'ana nyumba zoyandikana nafe, amayi ataima m'makonde mwawo, ndipo ndinaona kuti palibe amene asunthe.

Kwathu mwana satchula dzina la bambo ake. Ngakhale mayi anga sindinawamvepo akulitchula. Ine ndinkangolilemba pa mafomu a kusukulu, ndipo polembapo ndinkabisa ndi dzanja. Koma m'mawa umenewo ndinapita pamalo pamene azakhali ankaima, ndinagwira m'chiuno monga iwo, n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse.

“Gusito Muhiwa!”

Mayi wina kukhonde anagwira pakamwa. Ndinaitananso. Kachitatu ndinaitana ndikulira, mamina ali chuchuchu.

Mpiringidzo unalira. Chitseko chinatseguka mwamphamvu, ndipo bambo anatulukira opanda nsapato, ndevu zili nyankhalala, dzanja limodzi litagwira thalauza kuti lisavuke, linalo litanyamula patapata.

“Iwe! Ndani wakuphunzitsa mwano umenewu?”

Ndinathawa, iwo pambuyo. Patapata ija inandipeza ndithu, kamodzi, pamsana, ndipo sindinalandirepo chikwapu chokoma chotero. Pofika pamtengo wa mango mpweya unawathera. Anaima atatsamira mtengowo, akupuma movutika, pabwalo poyera, masana, mudzi wonse ukuwaona. Ine ndinaima patali pang'ono.

“Simunayankhe,” ndinatero.

Anayang'ana patapata ili m'manja mwawo, anayang'ana amayi aja m'makonde, kenako anakweza maso kuphiri kumene mtambo unkayamba kung'ambika.

“Ndilipo,” anatero. “Bweretsa madziwo asanazizire.”

Anasambira kumaso pansi pa mango pomwepo. Mawa lake anayenda wapansi mpaka ku esiteti, akupumira m'njira, anakaima patali ndi khomo la azakhali n'kuitana dzina lawo mpaka atayankha. Matenda a azakhaliwo anali malungo chabe. Sindinganame kuti bambo anachira tsiku lomwelo. Panapita miyezi, ndipo mayi anachita kuwaperekeza kuchipatala kangapo kuti akalankhule ndi odziwa za matenda a maganizo. Koma makatoni sanabwererenso pawindo, ndipo madzi ofunda a m'mawa sanadumphe tsiku.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti munthu amapulumutsidwa kamodzi, ndi chinthu chachikulu ngati kulanda botolo. Pano ndikudziwa kuti kulanda botolo kunangotipatsa tsiku limodzi. Masiku enawo tinawapeza limodzilimodzi, ndi beseni, kapu ya phala, kadzuwa ka pawindo, ndi munthu wobwera m'mawa uliwonse kudzafunsa ngati ulipo, osachoka mpaka utayankha.

Panopa ndimakhala ndekha ku Limbe, kumene ndikuphunzira zosoka. Chaka chatha mwezi wa Juni zinthu zinandithina, ndinayamba kugona mpaka masana makatani ali otseka. Sindinauze munthu, koma mawu anga pafoni ayenera kuti anandiulula. Kuyambira pamenepo foni imalira m'mawa uliwonse kunja kukungoyera. Bambo sapereka moni.

“Esinati Muhiwa!”

Masiku ena sindifuna kuyankha. Koma ndimawadziwa munthuyo, aitana mpaka kachitatu, ndipo akapanda kundimva akwera minibasi ndi patapata m'manja. Ndiye ndimadzuka, ndimatsegula windo, n'kunena kuti ndilipo.