Kompyuta ya Pakona ya Ba Lastone

Ba Lastone amachita lendi chipinda cha kutsogolo kwa nyumba yanga ku Nangongwe, chija amuna anga ankagulitsiramo simenti asanatisiye. Muli makompyuta atatu, mabenchi ndi fani imodzi. Anthu amabwera kudzasewera magemu, makamaka mpira ndi mpikisano wa magalimoto. Poyamba ndinkaopa kuti ndalowetsa njuga pakhomo, ndipo ndinaipempherera nkhaniyi. Koma ba Lastone salola kubetcha kapena mowa, ndipo Lamlungu satsegula mapemphero asanathe.

Bambo awo anachokera ku Petauke kudzagwira ntchito ya njanji. Iwowo anabadwira muno, anayamba ndi kukonza mawailesi, kenako mafoni, mpaka anafika pa makompyuta. Ndi munthu wosafulumira. Ngakhale kabichi pamsika amayamba amutembenuza asanagule.

Ine sindisewera, koma pokhala nawo pafupi ndaphunzirako zina. M'kompyuta iliyonse muli kadi imene imajambula zithunzi za gemu. Kadiyo ili ndi pulogalamu yoiuza kagwiridwe ka ntchito, yotchedwa dalaiva, ndipo opanga makadi amatumiza yatsopano pa intaneti kawirikawiri. Ba Lastone amati makadi awo ali atsopano, dalaiva iliyonse yobwera inkawawonjezera liwiro. Gemu imene inkakoka miyendo nthawi ya mvula, pofika nyengo yozizira inkathamanga bwino, chitsulo chili chomwecho. Zaka zitapita phindulo linachepa, chifukwa maso a opanga amakhala pa makadi atsopano. Nthawi zina dalaiva yatsopano imakonza gemu imodzi n'kuwononga inzake.

N'chifukwa chake ali ndi kachitidwe kawo. Dalaiva ikabwera amaiika pa kompyuta imodzi yokha, osauza munthu, kenako amakhala pabenchi n'kumamvetsera osewera. Loweruka likadutsa popanda wodandaula, amaiika pa yachiwiri. Koma yakale ya pakona, imene anayamba nayo shopu, imeneyo saikhudza. Uthenga wa dalaiva ukatuluka amaukana, ukabweranso amaukananso.

Chaka chatha nthawi yotentha anapita ku maliro a amalume awo ku Petauke, shopu n'kusiyira akazi awo, ba Eunice, amake a Joy. Ba Eunice ndi wolandira alendo kutchalitchi kwathu. Sangaone munthu ataima pakhomo osamupezera mpando. Uthenga uja unkatuluka m'mawa uliwonse, ndipo kwa iwo kuubweza tsiku ndi tsiku kunali ngati mwano. Anauvomera pa makompyuta onse atatu tsiku limodzi.

Madzulo ake ndikuanula zovala ndinamva phokoso. Anali Chimuka, wogulitsa nsomba pamsika, amene sakhala mpando wina koma wa pakona.

"Bana Joy, nichani ichi? Osewela banga baimilila monga bali pa mzele wa unga! Nikamenya bola lelo, ifika mailo!"

"Ni manja yako, Chimuka," anatero Given, mnzake wogwira ntchito ku Lusaka. "Yanunkha nsomba, na kompyuta yakana."

"Iwe, nakudya kangati pano? Bwela unkhalepo uone."

Given anakhalapo. Zithunzi zinadukaduka, kenako gemu inazima yokha. Pofika Lachinayi Chimuka anali atayamba kupita kwa Collins, amene ali ndi shopu ya magemu kutauni pafupi ndi siteshoni, ndipo anzake anamutsatira. Gulu limeneli ndilo limadzaza mabenchi sabata yonse. Popanda iwo shopu ya ba Lastone singakhalitse.

Ba Eunice analowa m'khitchini mwanga maso ali ofiira. "Amai, naononga nchito ya bamuna banga." Tinapemphera, ndipo ndinawauza kuti awaimbire foni okha, asadzamve kwa anthu ena.

Ba Lastone anafika Loweruka m'mawa ndi fumbi la ulendo. Sanakalipe. Anayamba ndi pakona, anachotsa dalaiva yatsopano n'kubwezera yakale imene amasunga pa fulashi. Mpira unayenda ngati kale. Atafika pa makompyuta awiri enawo anayendetsa galimoto ya m'gemu nthawi yaitali, kenako anaitana akazi awo.

"Bana Joy, bwelani muone. Apa motoka yenze kugwila-gwila nthawi zonse. Manje ipita chabe."

"Nanga sininalakwe?"

"Munalakwa kamozi, munachita bwino kabili. Apa iyi dalaiva nenze kuiyopa mahala."

"Mwamvela, amai?" ba Eunice anandiitana. "Munkhale mboni, mailo bazakana!"

Koma mabenchi anali opanda anthu. Ba Lastone anasamba, anavala malaya ena, n'kupita kumsika. Tinapitira limodzi poti ndinkafuna ndiwo. Anaima pa tebulo la Chimuka.

"Mpando wako wazizila."

Chimuka anapitiriza kuingitsa ntchentche. "Kwa Collins masikilini ni yakulu, ba Lastone."

"Ni yakulu, nayaona. Wawina kangati?"

Chimuka anayesa kuumitsa nkhope, koma analephera. "Manja yanga siyanazolobele kuja. Na Given, uja Given, ananidya."

"Pakona pabwelela mwakale. Bwela uyese. Ngati ikoka miyendo, nizakupeleka neka kwa Collins."

Chimuka anabwera masana omwewo atatha malonda. Given anatsatira, kenako ena. Si onse anabwerera. Awiri anakonda masikirini akuluwo ndipo ali komweko mpaka lero, ba Lastone amawapatsa moni bwinobwino akakumana panjira. Koma mabenchi anadzazanso.

Kuyambira pamenepo anazula waya wa intaneti pa kompyuta ya pakona kuti uthenga uja usamavutitse munthu. Pa awiri enawo amayesabe dalaiva monga kale, koma tsopano woika ndi ba Eunice, ba Lastone amangomvetsera. Amadziwa kuti tsiku lina kudzabwera mpira watsopano umene kadi yakaleyo sidzaukwanitsa, ndipo dalaiva yoithandiza sidzakhalapo. Sabisa zimenezi. Tsiku lina Chimuka anawafunsa ndili pomwepo.

"Ikazalema iyi kadi, ine nizayenda kuti?"

"Uzaphunzila mpando wina."

"Osati lelo," anatero Chimuka. Anapukuta manja pa thalauza, n'kuitana Given kuti abwere adzadyedwe.